Phunziro la lero: kanema wosewera pa laputopu yanu akhoza kukana pa TV ya kasitomala

Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Nottingham, ndipo makasitomala ambiri ndimakumana nawo ku Hyson Green, cha ku Radford Road. Tsiku lina mayi wina anandibwezera ma flash onse a ukwati wa mwana wawo, omwe amafuna kutumiza kwa abale ku Lilongwe. Akuti atalowetsa pa TV, mawu amamveka koma chithunzi ayi. Ndinabweza theka la ndalama, komanso mbiri inayenda kutchalitchi. Wolakwa ndinali ine, ndiye ndati ndikugawireni zomwe ndinaphunzirapo.

1. Dzina loti MP4 lisakupusitseni. MP4 ili ngati chikwama chabe, nkhani ili pa zomwe zili m'katimo. Kanema amapanikizidwa kuti achepe, ndipo njira zofala ndi ziwiri: H.264 ya mu 2003 ndi H.265 ya mu 2013. H.265 imachepetsa fayilo pafupifupi ndi theka, koma ma TV akale sayidziwa. Anga aja anali a H.265. Wopatsa kasitomala akhale wa H.264, mawu ake akhale AAC.

2. Ojambula ndi iPhone, samalani. Kuyambira 2017 imasunga kanema mu H.265. Pitani ku Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible. Ngati munajambula kale, pulogalamu ya HandBrake ndi yaulere, sankhani Fast 1080p30 basi.

3. Flash nayo ili ndi malire. Ya FAT32 imawerengeka pafupifupi pa TV iliyonse, koma siilandira fayilo yopitirira 4GB. Ya exFAT imalandira zazikulu, koma ma TV ena akale amaikana. Ine ndimasiya FAT32 n'kudula ukwati pawiri: kutchalitchi padera, kumadyerero padera.

4. Amene mumatumiza ma DVD ogula m'shopu, onani nambala kuseri kwa chikuto. UK ndi South Africa ali mu Region 2, Malawi ali mu Region 5. Makina ena kumudzi akhoza kukana DVD ya kuno.

5. Musayesere pa VLC n'kunena kuti zili bwino. VLC imatsegula pafupifupi chilichonse, n'chifukwa chake ine sindinaone vuto. Panopa ndili ndi ka TV kakale komwe ndinagula kogwiritsidwa kale ntchito, ndipo flash iliyonse imayamba yasewera pamenepo isanatuluke m'nyumba.

Ndipo musanayambe ntchito, funsani kasitomala: "Mayi, mukaonera pa chiyani, TV, foni kapena DVD? Nanga akumudzi ali ndi chiyani?" Funso limeneli likanandipulumutsira ndalama zija.

Amene muli ndi flash yomwe ikukana, lembani m'munsimu mtundu wa TV ndi zomwe ikulemba, tithandizane.