PHUNZIRO LA ZA UMOYO: MALOBOTI NDI ODWALA OFA ZIŴALO

M'midzi yambiri muli munthu amene adagona ali bwinobwino, nadzuka mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitalefuka, pakamwa patapotoka, mau osamveka. Achipatala amatcha nthendayi sitiroko. Kumudzi amangoti wafa ziŵalo. Akatekisiti ndi akhristu oyendera odwala amakumana nao anthu otere, ndipo amamva abale akufunsa kuti: kodi dzanja limeneli lidzagwiranso khasu? Ku Amerika ndi ku Ulaya akatswiri adapanga makina otchedwa maloboti oti aphunzitsenso ziŵalo zolefuka. Nkoyenera kudziŵa zimene makinawo adakhoza ndi zimene adalephera, pakuti m'menemo muli phunziro la banja lililonse losamala wodwala.

1. Kodi nthendayi ili pati?

Mkono wolefukawo sudathyoke ai. Chovuta chili mu ubongo. Mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika m'mutu, chigawo china cha ubongo chimasoŵa magazi nkufa. Popeza mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo ilamula ziŵalo zakumanja, ndipo yakumanja ilamula zakumanzere, wodwala amalefuka mbali imodzi. Umenewu si ufiti. Chachikulu choyambitsa nthendayi ndi kuthamanga kwa magazi.

Chigawo chakufacho sichidzukanso, koma zigawo zotsala zingathe kuphunzira ntchito yake. Mlatho ukakokoloka anthu amalambula njira ina: tsiku loyamba ndi udzu wokhawokha, koma ikapondedwapondedwa imayera. Ubongo uli chimodzimodzi. M'chaka cha 1996 Randolph Nudo wa ku Amerika adaonetsa pa apusi kuti dzanja lolefuka likamaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku, malo ake mu ubongo amasungika, mwinanso kukula. Koma likalekereredwa, malowo amachepa. Tsono m'chaka cha 2009 ofufuza adaŵerenga m'zipatala zina za ku Amerika ndi Canada, napeza kuti pa nthaŵi imodzi ya mafizo mkono wa wodwala unkagwira ntchito maulendo ngati 32 okha. Achipatala ndi oŵerengeka, amatopa, ndipo odwala ngochuluka. Apa mpamene padafunikira wantchito wosatopa.

2. Kodi loboti amagwira ntchito bwanji?

M'chaka cha 1989 Neville Hogan ndi Hermano Krebs, a pa sukulu ya Massachusetts Institute of Technology, adayamba kupanga loboti wotchedwa MIT-Manus, amene adayesedwa pa odwala m'chipatala cha Burke ku New York kuyambira 1994. Wodwala amakhala pa mpando, mkono utamangiriridwa ku chogwirira, nayang'ana pa galasi la kompyuta pamene pamaoneka kadontho koti akafikepo. Iye mwini ndiye amayamba kuyesa. Akalephera, makina amamkankhira pang'ono. Akayamba kukhoza, makina amachepetsa chithandizo. Motero pa ora limodzi mkono umayenda maulendo opitirira 1,000.

Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, adapanga wina wa miyendo wotchedwa Lokomat, amene adayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2001. Wodwala amagwiririzidwa ndi malamba kuti asagwe, ndipo zitsulo zomangidwa ku ntchafu ndi ku akatumba zimaponyetsa miyendo yake pa lamba woyenda, monga momwe amaponyera munthu wabwino.

3. Kodi makinaŵa adapambana anthu?

M'chaka cha 2010 adalengeza zotsatira za mayeso a asilikali akale 127 a ku Amerika. Gulu lina lidaphunzitsidwa ndi loboti maulendo 36 pa masabata 12. Lina lidaphunzitsidwa ndi anthu, koma mobwereza kofanana ndi loboti. Lachitatu lidalandira chithandizo cha masiku onse. Patapita masabata 36, a loboti adaposako pang'ono gulu lachitatu, koma sadapose aja ophunzitsidwa mwakhama ndi manja a anthu.

M'chaka cha 2019 mayeso aakulu a ku Britain, otsogozedwa ndi Helen Rodgers wa ku Newcastle, adayesa odwala 770. Loboti sadapose chithandizo cha masiku onse pobwezeretsa ntchito ya mkono, ndipo adadya ndalama zambiri. Amene adaonetsako phindu pa kudzisamala okha ndi aja ankayeserera ntchito zenizeni, monga kuvala ndi kudya. Pa za miyendo mbiri njabwinopo: m'chaka cha 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane, atasanthula mayeso 62, adapeza kuti makina oyendetsa miyendo, akaphatikizidwa ndi mafizo, amaonjezera mwai woti munthu ayende yekha, makamaka amene sankayenda konse ndiponso amene ayamba m'miyezi itatu yoyamba.

Kotero loboti ndi wantchito wothandiza, osati sing'anga wozizwitsa. Mphamvu yake ili pa kubwereza kosatopa ndi pa kusiyira wodwala chimene angathe kuchita yekha. Zinthu ziŵirizi sizigulidwa ndi ndalama.

4. Nanga osamala odwala achitenji?

Choyamba, pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka kapena mau akasokonekera mwadzidzidzi, thamangirani naye ku chipatala nthaŵi yomweyo, osadikira maŵa.

Chachiŵiri, funani achipatala a mafizo, monga a ku Kachere ku Blantyre kapena a m'zipatala zazikulu, kuti akuphunzitseni zoyenera wodwala wanuyo, pakuti odwala safanana.

Chachitatu, bwerezani zimene mwaphunzitsidwazo pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku, pa ntchito zenizeni: kunyamula kapu, kumanga batani, kutonola chimanga, kudzuka pa mpando.

Chachinai, musamchitire zonse. Chifundo chomdyetsa munthu amene akadatha kuyesa yekha chimamlanda phunziro lake. Mthandizeni pokhapo pamene walephera, monga achitira loboti.

Chachisanu, musamkoke mkono wolefukawo pomdzutsa, chifukwa phewa lake limaguluka msanga. Ndipo asaleke kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kuwopa kuti nthenda ingabwerenso.

Si onse amene amachira kotheratu, ndipo wochedwa kuchira asadzudzulidwe kuti ngwaulesi. Nthendayi imalefulanso mtima. Mai mmodzi wosamala mwamuna wake usana ndi usiku amatopa monga atopera achipatala, ndipo iye alibe loboti womlandira. Mutu umodzi susenza denga. Akatekisiti akonze m'miphakati kuti akhristu azipatsana masiku: wina Lolemba, wina Lachitatu, wina Lachisanu, aliyense akhale ndi wodwala kwa theka la ora, akumlimbitsa mtima ndi kumŵerengera maulendo amene dzanja lake lanyamula kapu.