Phunziro 14: Za kupempherera anzathu

Ana anga, pa 16 Dezembro 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu oposa 300 ku Wiriyamu, Juwau ndi Chawola, midzi ya kum'mwera kwa Tete wathu uno. Ambiri anatenthedwa m'nyumba. Opulumuka anafika kuno ndi mabala, ndipo ansembe analemba maina a akufa kuti dziko lonse lidziwe.

Funso: Kodi Mulungu anali kuti tsiku limenelo?

Yankho: Musacite manyazi kufunsa. Yobu nayenso anafunsa molira. Mulungu sanamfotokozere cifukwa ca masautso ace iai, koma anafuna kuti apempherere abwenzi ace, omwe aja anamlasa mtima ndi mau.

Funso: Nanga ife tipempherere yani?

Yankho: Akufa, kuti apumule, otsala, kuti cikhulupiriro cao cisazime, ngakhalenso akupha aja. Apa mpolimba, inenso lilime limandilemera. Koma Ambuye Yesu anapempherera omkhomera pamtanda misomali ikali m'manja. Kuwapempherera sikufafaniza mlandu wao: tiwapemphera mtima wolapa.

Funsani agogo anu dzina la mbale mmodzi amene anafa pankhondo, mudzalicule pa Misa Lamulungu.