Mabuleki a Njinga Yamoto Akafewa: Mawu kwa Akabaza a ku Chipyela

Inu abale amene mumanyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Mbamba kukafika ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's ndi chipatala, mukudziwa kuti misewu ya pachilumba chathu, pokhala ya mchenga ndi miyala, siichitira chifundo munthu amene mabuleki ake afooka, makamaka tsiku lofika sitima ya Ilala, pamene njinga imalemedwa ndi matumba a ufa.

Mabuleki a waya amangofuna kumanga nati. Koma njinga zimene zili ndi disiki kutsogolo zimagwira ndi mafuta a mabuleki, amene safinyika, kotero kuti dzanja likakoka chogwirira, mphamvu yonse imafika ku mapadi. Mpweya ukalowa m'paipi, chogwirira chimamira kufikira chikhudze handulo, monga ngati mukufinya chinkhupule, njinga n'kumapitabe. Mdani wachiwiri ndiye chinyezi cha kunyanja kuno, pakuti mafuta a DOT 4, amene akakhala atsopano sawira kufikira madigiri 230, akamwa madzi akhoza kuwira pa 155. Nchifukwa chake ayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Oyilo wa injini musamuthire m'mabuleki ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa malabala.

Kutulutsa mpweya ndi ntchito ya anthu awiri. Mulowetse kapaipi koonekera m'kati pa kanati kotulutsira kamene kali pafupi ndi mapadi, mbali inayo ilowe m'botolo. Mnzanu akoke chogwirira katatu ndi kuchigwira, inu mumasule kanatiko pang'ono, ndipo mudzaona timathovu tikuyenda m'kapaipi. Mumange kanatiko mnzanuyo asanasiye chogwiriracho. Bwerezani kufikira thovu litatha, mukuwonjezera mafuta m'kabokosi ka pahandulo kuti kasaume. Akatayikira pathanki, tsukani msanga, popeza amadya penti.

Koma ngati njinga ili yatsopano, ndikupemphani muyambe mwaika sipanala pansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: njinga ikhoza kunyezimira m'sitolo koma ikudontha mafuta, ndipo chilema chotere ndi mlandu wa wopanga. Mapadi akatha, ogulitsa amati n'kutha kwa masiku onse. Koma mabuleki ofewa m'miyezi yoyamba ayenera kukonzedwa pa walanti. Mkangano umabuka pamene wogulitsa anena kuti munatsegula nokha, kapena kuti simunabwere ku sevisi pa nthawi yake, osalabadira kuti pakati pa iye ndi inu pali nyanja, ndi kuti kukweza njinga m'sitima kupita ku Nkhata Bay kumadya ndalama ndi masiku a ntchito.

Chotero sungani lisiti ndi kabuku ka sevisi pouma, monga musungira kalata ya ubatizo. Jambulani chogwiriracho ndi foni pamene chikumira, pamodzi ndi makilomita amene njinga yayenda, mutumize kwa wogulitsa tsiku lomwelo, ndi kupempha kuti alembe mawu ololeza makaniko wa pachilumba kugwira ntchitoyo popanda kuthetsa walanti. Akaumitsa khosi, lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003 lili kumbali yanu, ndipo dandaulo limaperekedwa ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Kufikira mabulekiwo atalimba, njingayo ikhale pakhonde, isanyamule mayi wapakati wopita kuchipatala kapena mwana wasukulu.