Anayamba ndi pulosesa, anamaliza ndi utsi

Ku Lilongwe kuli mnyamata wina wojambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Kamera ali nayo yabwino, koma kompyuta yomwe ankakonzera makanemawo inali ija yotsika m'maofesi akunja, ya chomata cha Core i7 kutsogolo. Kanema wa maola awiri ankamusiya usiku wonse kuti atuluke, ndipo magetsi akazima pakati pa usiku, m'mawa inali ntchito yoyambiranso.

Chomatacho sichinkanama. Inalidi i7, koma i7-3770 ya mu 2012. Ambiri amagwera pamenepa. Dzina loti i3, i5 kapena i7 limangosiyanitsa mapulosesa a m'badwo umodzi, pomwe m'badwowo umadziwika ndi manambala otsatira. Core i3-12100 ya mu 2022 imaisiya kutali i7-3770, ngakhale zonse zili ndi ma core anayi. Wogulitsa akamangoti "ndi i7 iyi bwana" osatchula manambala, dziwani kuti manambalawo ndiwo akuwabisa.

Atazimva izi kwa anzake, mnyamatayu anati nkhani yaphweka, angosintha pulosesa basi. Analembera mkulu wake wa ku Joni pa WhatsApp.

"Achimwene, mundigulireko i5 ya m'badwo wa 12. Ndalama ndibweza ndikajambula ukwati wa mwezi wamawa."

"Pali ziwiri kuno, 12400 ndi 12400F. Ya F ndi yotsikirapo mtengo. Nditenge iti?"

"Tengani yotchipayo, nambala ndi yomweyo."

Phukusi linafika pa basi. Atatsegula kompyuta yakale ija n'kuchotsa fani, anapeza kuti pulosesa yatsopanoyo sikukhala pamalo pake, ngakhale kaumbidwe kake ndi kena, ndi yotalikirapo mbali imodzi. Soketi ya bodi (motherboard) yakaleyo ndi LGA1155, pomwe m'badwo wa 12 umafuna LGA1700. Intel sichedwa kusintha soketi: LGA1200 inali ya m'badwo wa 10 ndi 11, LGA1700 ya 12 mpaka 14, ndipo mu 2024 kunabwera LGA1851. AMD inakhalitsa ndi AM4 kuyambira Ryzen zoyamba za mu 2017 mpaka Ryzen 5000, kenako AM5 mu 2022. Komanso kufanana kwa soketi pakokha sikokwanira. Bodi yakale ya B450 imatha kukana Ryzen 5000 mpaka mutaikamo BIOS yatsopano, ndipo kuno kwathu ntchito imeneyo ndi yoopsa popanda UPS, chifukwa magetsi akazima ili pakati bodi ikhoza kufa.

Ndiye panafunika motherboard. Achimwene anatumizanso, ngongole n'kukwera. Podikira basi, mnyamatayu anapita m'tauni kukagula RAM ya DDR4, 16GB, poti ya DDR3 yakale ija anadziwa kuti yatha ntchito. Bodi itafika, RAM inakana kulowa, kampata kapakati pa mano ake sikanagwirizane ndi kamsomali ka m'malo mwake. Bodiyo inali ya DDR5. Mapulosesa a m'badwo wa 12 mpaka 14 amalola mitundu yonse iwiri, koma bodi iliyonse imalola umodzi wokha, ndipo zimalembedwa pa katoni. Palibe amene anawerenga. Wa sitolo anavomera kusintha RAM, koma powonjezera ndalama. Bokosi lakale nalonso linakana bodiyo, paja makompyuta ambiri a m'maofesi amakhala ndi mabowo ndi mapulagi awoawo.

Zonse zitamangidwa m'bokosi lina, anadina batani. Mafani anazungulira, timagetsi tinayaka, koma sikirini inali bii. Anasintha chingwe cha HDMI, anabwereka monita kwa mnzake, anazula RAM n'kuibwezeretsa. Pomaliza anaisenza kupita nayo kwa mmisiri wina wachikulire amene wakhala akukonza makompyuta kuyambira nthawi ya Pentium. Mkuluyo sanatsegule n'komwe, anangopempha katoni ya pulosesa.

"Achimwene, F uyu munamuona? Pulosesa yanu ilibe gawo lotulutsa zithunzi. Mabowo a HDMI akumbuyowa ndi zokongoletsa chabe mpaka mutagula graphics card."

Kwa wosewera magemu amene wagula kale khadi, F ndi nzeru yopulumutsa ndalama. Kwa wokonza makanema ndi kudzimana, chifukwa gawo lochotsedwalo ndi lomwe lili ndi Quick Sync, imene imafulumizitsa kuwerenga ndi kutulutsa makanema a H.264 ndi HEVC, omwe makamera ambiri amajambula. Kumbali ya AMD msampha ndi womwewo koma wotembenuka: Ryzen 5 5600 ilibe zithunzi, 5600G ndiye ili nazo.

Khadi anaipeza yogwiritsidwa kale ntchito. Apa thumba linali litabooka, ndipo chinatsala ndi power supply yoti ikwanitse khadiyo. Anaipeza pamsika, yopanda dzina lodziwika, pambali palembedwa 600W ndi zilembo zikuluzikulu, mtengo wake wosafika theka la zinzake. Mmisiri uja anainyamula ndi dzanja limodzi n'kuigwedeza.

"Yapepuka ngati chitini chopanda kanthu. Muli chiyani umu? Musaike iyi, dikirani mupeze ndalama."

Kulemera sikutsimikizira ubwino, koma mkuluyo ankadziwa chimene amanena. Power supply yabwino imakhala ndi zoziziritsira zokhuthala, makapasita akuluakulu ndi zida zoizimitsa yokha mphamvu ikapyola muyezo. Opanga zotchipa amachotsa zimenezi chifukwa wogula saziona. Nambala yeniyeni ili pa tebulo la tizilembo ting'onoting'ono, pamzere wa +12V, poti pulosesa ndi khadi zimadya pamenepo. Ya pamsikayo inalibenso chingwe cha mapini asanu ndi atatu chimene khadiyo inkafuna, umene uli umboni woti sanaipangire katundu wotero. Mnyamatayu sanamvere, anagula kolumikizira kotchipa n'kulumikiza ku zingwe za hard drive.

Ine pa zida zonse za m'bokosi ndikhoza kunyengerera pa china chilichonse kupatula power supply. Pulosesa yofooka imangokuchedwetsani, RAM yochepa mumawonjezera chaka chamawa, koma power supply ikafa moipa imatenga zinzake. Ndalama zomwe zinapita pa khadi, pa kusintha RAM ndi pa maulendo a basi zikanakwana 12400 yopanda F, bodi ya DDR4, power supply ya dzina ndi UPS yaing'ono. Chinkafunika n'kulemba zida zonse papepala asanalipire chilichonse, kuona pa tsamba la wopanga bodi ngati pulosesayo ili pamndandanda, kapena kuziika pa PCPartPicker, yomwe imachenjeza zida zikasemphana. (Amene mumalandira zida kuchokera ku America, muyang'anenso kumbuyo kwa power supply ngati kuli kaswichi kofiira ka 115 ndi 230. Kakakhala pa 115, magetsi athu a 230V amaiphulitsa nthawi yomweyo.)

Kompyutayo inayaka, ndipo masiku oyamba inkathamanga mosangalatsa. Kutsegula Facebook sikudya mphamvu zambiri. Kenako anajambula ukwati uja, n'kukopera zonse pa SSD yatsopano. Makhadi a kamera anawafufuta chifukwa Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe. Usiku woyamba kutulutsa kanemayo, pulosesa ndi khadi zikukoka mphamvu zonse nthawi imodzi, kunamveka kuti phwa! Fungo la pulasitiki yopserera linadzaza chipinda.

Mmisiri atayeza, anapeza kuti bodi yafa, SSD nayonso sikuonekanso pa kompyuta iliyonse. Wa pamsika uja anangoloza chikwangwani chake choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Waranti ya bodi inali ku Joni, ndipo a sitolo anauza achimwene kuti chopsa ndi magetsi iwo sichiwakhudza.

Kwa eni ukwati anapita ndi malume ake, poti yekha sakanatha kuyankhula. Anabweza ndalama zonse atagulitsa khadi ija, ndipo kanema amene banjalo lili naye lero ndi tizidutswa tomwe achibale anajambula pa mafoni.