Kodi Madzi Adzapyola?

Anzanga, tengani pepala la masamu la timabokosi. Kamzere kalikonse kakhale kanjira ka madzi, tina totseguka, tina totsekeka, mosasankha. Kodi madzi othiridwa pamwamba adzafika pansi?

Funsoli, lotchedwa percolation, analiyamba Broadbent ndi Hammersley ku England mu 1957, poganizira za mpweya wodutsa m'makala a zophimba kumaso za anthu a m'migodi. Chodabwitsa ine n'ichi: pa pepala lalikulu zedi, tinjira totseguka tikachepera theka, madzi atsakamira, tikaposa theka pang'ono pokha, apyola ndithu. Harry Kesten anatsimikiza zimenezi mu 1980, patapita zaka 23!

Tsono timabokosi tikasanjikizana ngati njerwa, malire enieni sanapezekebe. Makompyuta angoyerekeza 0.249. Wofuna kuzama Physics ku yunivesite angayambire pamenepo.