Nkhono m'Botolo: Phunziro la Lamulo Lachisanu

Inu akatekisti, pophunzitsa lamulo lachisanu mumatchula mkondo ndi mankhwala akupha. Lero tionjezepo botolo.

M'chaka cha 1928, ku Paisley m'dziko la Scotland, mai wina dzina lake May Donoghue anamwa chakumwa cha jinja chimene mnzake anamgulira. Botolo linali lakuda, losaoneka za m'kati. Pokhuthula chotsalacho, akuti munatuluka nkhono yovunda, ndipo maiyo anadwala m'mimba. Nanga akadasumira yani? Wogula sanali iye, ndipo ndi David Stevenson, mwini fakitale, sanapanganepo kanthu.

Mlandu unakwera kufikira ku bwalo lalikulu la House of Lords ku London. M'chaka cha 1932 oweruza 3 mwa 5 anagamula kuti wopanga katundu ayenera kusamala moyo wa munthu wodzalandira katunduyo, ngakhale sanamuonepo. Mmodzi wa iwo, Lord Atkin, anatola funso lija munthu wodziwa malamulo anafunsa Ambuye Yezu pa Luka 10, nalongosola kuti mnzako ndiye aliyense amene ntchito ya manja ako ingampweteke. Stevenson anamwalira chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake maiyo analandira mapaundi 200 mwa kumvana, za nkhonoyo zisanatsimikizidwe pabwalo. Chigamulocho chinatsala, ndipo makhoti a kuno kwathu amachitsata.

Poopa milandu yotere eni mafakitale amagula inshuwalansi. Amapereka ndalama ku kampani chaka ndi chaka, ndipo katundu wao akavulaza munthu, kampaniyo ndiyo imalipa wovulalayo ndi maloya omwe. Mtengo wake umatsata kukula kwa ngozi: wopanga mankhwala amapereka zambiri koposa wopanga mipando. Ine ndiyesa kuti ncholungama, pakuti mlandu umodzi ungagwetse fakitale, antchito nabwerera kwao manja ali m'khosi, wodwala uja osalandirako ndi khobidi lomwe.

Koma apa mufotokoze bwino, chifukwa ambiri amasokonezeka. Inshuwalansi imalipa ngongole, sichotsa tchimo. Ndipo choipa chochita dala, kampani imakana kulipirira. Mkhristu amene adziwa kuti mabotolo ake satsukidwa bwino, natsinzina dala poti kampani idzalipa, wachimwa kale, ngakhale pasanadwale munthu. Akabwera kudzalapa, wansembe adzamfunsa ngati wakonza potsukirapo, ndiponso ngati wabweza mabotolo amene anatuluka kale.