Usiku wa Chiperoni, mbaula igone panja

Juni ndi Julayi akafika, mphepo ya Chiperoni imabwera kuchokera ku Mozambique ndi kamvula kowaza, dzuwa osaoneka masiku angapo. Kuno kwa Mwambo, mwera ukawomba kuchokera kunyanja ya Chilwa, ngakhale msodzi wa ku Kachulu wozolowera madzi amanjenjemera. Zoveka ana majuzi, zipewa ndi masokosi aliyense amazidziwa. Bulangete la kaunjika mwina mulipeza pa Jali, mtengo wake malinga ndi mmene mwanenerera. Pansi pa mphasa yalani masaka kapena makatoni, chifukwa chisanu chimalowera pansi.

Pamene anthu amalakwitsa chaka ndi chaka ndi pa mbaula. Othani moto madzulo zenera lili lotsegula. Maso akayamba kulemera, nyamulani mbaulayo muitulutse, makala muwazimitse ndi madzi kapena mchenga, chitseko muchisiye chotsegula kwa kanthawi kuti mpweya usinthe. Mukatero mugone.

Alipo amene amati makala akafiira, utsi n'kutha, palibenso choopsa. Bodza limeneli lapha anthu. Chopha si utsi umene mumauona ayi, koma mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wosaoneka, ndipo makala ofiira bwinowo amautulutsabe. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, munthu n'kugona osadzukanso. Ming'alu yonse mwatseka kale ndi nsanza, nanga mpweyawo utulukira kuti? Ena amaika beseni la madzi pambali, ena amawaza mchere pamakala. Zimenezo sizichotsa kanthu. Ndiye pali ulesi uja wokwirira makala ndi phulusa m'nyumba momwemo kuti m'mawa musavutike kukoleza. Makala okwiriridwa amanyekabe pang'onopang'ono usiku wonse muli mtulo. Ngati mukufuna moto wa m'mawa, kaukwirireni kukhitchini kosagona munthu. Ndikubwerezanso: m'chipinda chogona musatsale ngakhale khala limodzi.

Inu asodzi ogona m'zimbowera kunyanja, lamulo ndi lomweli, komanso kumbukirani kuti kamsasa ka udzu sikachedwa kuyaka. Kachasu asakunamizeni kuti akukufunditsani. Amangotenthetsa khungu, thupi likutaya kutentha, ndipo woledzera samva mutu ukamachenjeza.

Chenjezo la mpweya wa makala uja ndi mutu wowawa, chizungulire, nseru ndi kufooka, makamaka zikagwira anthu angapo m'nyumba imodzi nthawi imodzi. Musayambe kufunsana za malungo kapena ndiwo za dzulo. Tsegulani chitseko ndi mazenera, tulutsani aliyense panja kuyambira ana ndi agogo. Wokomoka mumugoneke chammbali, musamumwetse kanthu, ndipo pezani njinga yamoto mupite naye kuchipatala usiku womwewo, ngakhale atatsitsimuka m'njira. Mukafika, auzeni adokotala kuti m'nyumbamo munali mbaula.